Zotsekera malenzi: zomwe ndayesa kuchokera mu Seputembala

Sabata yoyamba ya Seputembala

Chandiyambitsa ntchitoyi ndi kamzere kamodzi pagalasi lakutsogolo la lenzi yanga ya kamera ya 85mm. Ndakaona Lamlungu m'mawa ndili pakhonde, ndikupukuta zida zomwe ndinapita nazo ku chinkhoswe dzulo lake. N'kakafupi ngati chikhadabo cha khanda, kokhota pang'ono, ndipo sungakaone pokhapokha utapendeketsa lenzi kuti dzuwa liombe cham'mbali. Pazithunzi sikakutuluka. Koma tsiku lomwe ndidzafune kugulitsa lenziyi, wogula adzayambira pomwepo ponenerera mtengo.

Momwe kanabwerera ndikudziwa, ndipo palibe woti ndimuloze chala. Perekaniperekani atafika pachimake ndinachotsa chotsekera n'kuchiponya m'thumba la buluku, momwe munali makiyi, makobidi ndi fumbi la tsiku lonse. Madzulo ndinachibwezera palenzi osachiyang'ana n'komwe. Timchenga tomwe tinakanirira m'kati mwake tinagwera pagalasi, ndipo ine poona kuda ndinapukuta ndi kunsi kwa shati. Mchenga wambiri ndi mwala wa quartz, womwe pa mulingo wa kulimba wa Mohs uli pa 7, pomwe galasi lili chapakati pa 5 ndi 6. Ukaupukuta wouma, wadzipangira sandipepa. Choncho chinthu chomwe ndinagula kuti chiteteze galasi ndi chomwe chinanyamula mdani n'kukamutula pakhomo.

Ndakhuthula chikwama chonse pamphasa kuti ndione ndili pati. Malenzi ndili nawo anayi, onse a Canon EF ogula ogwiritsidwa kale ntchito: 50mm f/1.8 STM, 85mm f/1.8, 24-105mm f/4 ndi 70-200mm f/2.8. Zotsekera zakutsogolo ndapeza zitatu, chimodzi chothyoka dzino. Zakumbuyo ziwiri zokha. Palibe nachimodzi chomwe chinabwera ndi lenzi yake. Zonse ndi zija zopanda dzina zogula apo ndi apo. Chaka chino chokha ndataya zisanu, ndipo mphwanga amene amandinyamulira chikwama akuti zisanu ndi chimodzi, ine ndikuiwala cha ku Dedza.

Kwa anzanga oyamba kumene: nambala yaikulu yolembedwa palenzi si saizi ya chotsekera. Mnzanga wina anayendayenda m'tauni tsiku lonse kufuna chotsekera cha 50mm chifukwa lenzi yake ndi ya 50mm. Yang'anani kachizindikiro ka Ø, kaziro kodulidwa pakati, kutsogolo kapena m'mbali mwa lenzi. Nambala yotsatira pamenepo ndiyo kukula kwa kamwa la lenzi. Kwa ine 50mm ija ndi Ø49, 85mm ndi Ø58, ziwiri zazikuluzo ndi Ø77.

Ndikufuna pofika nthawi ya mvula ndikhale ndi zotsekera zosagwa zokha m'chikwama, zosasochera, komanso zosabweretsa mchenga pagalasi.

Sabata yachitatu ya Seputembala

Ndayamba ndi njira yotchipa: kachingwe ka lasitiki kovala pathupi la lenzi, kumapeto kwake kuli kabatani komata pachotsekera. Ndakayesa pa ukwati umodzi ndipo ndakavula tisanafike n'kuholo komwe. Chotsekera chimalendewera ngati belu la ng'ombe, kumangogunda lenzi, go go go, ndipo pa vidiyo ya malumbiro kaphokosoko kalowa bwinobwino. Panja kamphepo kachinyamula n'kuchiika pakona ya chithunzi kawiri. Pa 24-105mm lasitiki imatsetsereka n'kukakhala pamalo opotokolera zoom. Pofika masana guluu wa kabatani anali atafewa ndi kutentha, chotsekera n'kugwa chokha m'fumbi, chingwe chili lende palenzi. Basi, njira imeneyi ndaisiya.

Kumapeto kwa Seputembala

Sabata ino ndakhala ndikuphwasula zotsekera kuti ndimvetse chimachitika n'chiyani zikamagwa. M'kati mulibe zambiri: timano tiwiri totsetsereka, ndi sipuling'i yokankhira timanoto kunja. Timanoto tili ndi timizere tomwe timaluma mazinga omangira fyuluta, kagalasi kowonjezera komanga kutsogolo kwa lenzi. Mazinga amenewa ndi osaya zedi, pa masaizi wambawa mpata wake ndi mamilimita 0.75 basi, ndiye chotsekera chonse chimadalira kuluma kwakung'ono kumeneko. Timizere tikaperepeseka, kapena sipuling'i ikatopa, chatha. Ndapeza kuti zina zotchipa zilibe n'sipuling'i yachitsulo yomwe, ndi kapulasitiki kopinda kokha, kamene kakakhala padzuwa kangapo kamaiwala kubwerera.

Mitundu ilipo iwiri. Pali zotsina m'mphepete, ndiye pali zotsina pakati. Zotsina m'mphepete zili ndi zovuta ziwiri zomwe tsopano ndaziona ndi maso. Mabatani ake amatulukira kunja, ndiye lenzi ikatsamira khoma la chikwama, khomalo limadina batani ngati chala. Komanso hood, chotchingira dzuwa chovala kutsogolo kwa lenzi, ikakhala palenzi, zala sizilowa kuti utsine. N'chifukwa chake ndimachotsa chotsekera m'mawa osachibwezeranso mpaka usiku: kuti nditseke ndimayenera kumasula hood kaye, ndipo pakati pa ukwati ndani ali ndi nthawi imeneyo? Zotsina pakati umangolowetsa zala ziwiri m'kati mwa hood, kwapu, watseka.

Ndayesa motere. Ndatenga lenzi yakale yakufa ya 18-55mm, yomwe nayo ndi Ø58, n'kuiika m'chikwama mothinana ndi zida zina, mphwanga n'kukwera nacho kabaza mumsewu wathu wa mabampuwu kupita kumsika ndi kubwerera. Chotsina m'mphepete chagwa maulendo awiri mwa atatu. Chotsina pakati cha sipuling'i yachitsulo sichinagwe. Mphwanga akuti, "Achimwene, wakabaza wayamba kundikayikira, akuti ndikupitiranji kumsika osagula kanthu."

China choyenera kuyang'ana: pansi pa chotsekera pasakhudze galasi. Ndapaka inki ya maka yolembera pabolodi pafyuluta yakale, n'kutseka, n'kudina pakati ndi chala chachikulu. Chimodzi mwa zitatu chatuluka ndi inki. Chimenecho ndataya kudzala. Ndaonanso kuti fyuluta yanga yopyapyala ya Ø77 ili ndi mazinga ochepa kwambiri kutsogolo, moti chotsekera chilichonse chimangogwira mwa ulemu. Mafyuluta opyapyala amawapanga choncho kuti asadetse makona a chithunzi pa lenzi yotambalala, yojambula malo aakulu pakamodzi, koma mtengo wake ndi umenewu.

Pakati pa Okutobala

Apa ndiye ndinadzimva uinjiniya. Mnyamata wina wophunzira zaumisiri ali ndi makina osindikiza zinthu a 3D, ndipo tinagwirizana kuti tipange chotsekera chovala kunja kwa hood ya 70-200mm ngati chivindikiro cha ndowa, kuti hood isamachokenso. Tinayeza, iye n'kujambula pakompyuta, n'kusindikiza ndi pulasitiki wa PLA wofiira, woti ukagwa paudzu uoneke. Choyamba chinathina, chachiwiri chinakhwepa, chachitatu chinagwira nga! Ndinachijambula n'kutumizira anzanga pa WhatsApp ngati mwana wobadwa kumene.

Chakhala masiku 9. Loweruka tinali ndi ntchito ku Salima, ndipo ndinachisiya padashibodi ya galimoto kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka cha m'ma 3. Pobwera ndapeza chapindika ngati chipapati, mbali imodzi yalowa m'kati. PLA amayamba kufewa akafika madigiri pafupifupi 60, ndipo padashibodi ya galimoto yotseka mawindo mu Okutobala kunyanja, kutentha kumadutsa pamenepo mosavuta. Mnyamata uja akuti tiyese pulasitiki wa PETG, yemwe amapirira mpaka cha m'ma 80, kapena TPU wofewa ngati mphira. Mwina tidzayesa. Koma chinthu china chandigwetsa ulesi kuposa kupindikako: chotsekerachi n'chachikulu ngati mbale ya ndiwo, m'thumba sichilowa, ndiye ndikachichotsa ndimachiika paliponse. Sindikanachisiya padashibodi chikanakhala ndi kokhala.

Tsiku lomwelo ndinapeza mphwanga atagoneka kamera pampando chagada, lenzi yosatseka itayang'ana kumwamba dzuwa lili paliwombo. Ndinakalipa kuposa muyezo, ndapepesa pambuyo pake. Koma nkhani yake ndi yoona: lenzi imasonkhanitsa dzuwa pamalo amodzi ngati galasi lija tinkayatsira mapepala kusukulu, ndipo imatha kupsereza zam'kati mwa kamera. Chotsekera si cha fumbi lokha.

Kumayambiriro kwa Novembala

Ndabwerera ku zapafupi. Pakaunjika ndapeza kachikwama ka laputopu ka nsalu ya neoprene, ija yofewa ngati siponji yotamuka, yokhuthala mamilimita atatu. Ndapita nako kwa mayi wina wosoka pakhonde la sitolo kwathu kuno, nditanyamula hood ziwiri kuti ayeze.

"Mwati ndisoke chiyani, achimwene?"

"Kachipewa, mayi. Kovala apa."

Anaitembenuza hood ija kawiri katatu. "Chipewa cha kamera? Nayonso imamva dzuwa?"

Anaseka, koma ntchito anaigwira ndi nzeru zoposa zanga. Ine ndinkaganiza zongodula bwalo n'kulisokerera ku lamba. Iwo anati msoko wowongoka wa makina awo opalasa ndi phazi uduka nsaluyo ikatamuka, ndiye anatalikitsa msoko, n'kugwiritsa ulusi wa nayiloni, n'kupinda m'mphepete kuti mulowe lasitiki ngati m'chiuno mwa kabudula. Anatinso msoko ukhale kunja, kuti m'kati musakhale timaulusi tothothoka. Pansi m'kati tinaikamo kabwalo kodula ku chivindikiro cha ndowa ya pulasitiki, kuti chinthu chosongoka chisaboole n'kufika pagalasi. Tasoka ziwiri, cha 70-200mm ndi cha 24-105mm.

Ndayenda nazo maukwati atatu. Kuvala ndi kuvula ndi dzanja limodzi, osayang'ana. Sizigwa, sizilira, ndipo lenzi ikagunda chitseko cha minibasi, chipewa ndi hood ndi zomwe zimamva. Ukachivula umachikwinya n'kuchilowetsa paliponse. Vuto lake ndi lomwelo la poyamba lija, mwinanso kuposa: neoprene imagwira fumbi ngati bulangete. Koma popeza chipewa chili kumapeto kwa hood, patali ndi galasi, fumbi lambiri limathera m'makoma a hood. Ndimachitembenuza n'kuchikung'untha ndisanachivale, ndipo Lamlungu lililonse ndimachichapa.

Pa malenzi ang'onoang'ono ndagula kamphete kokulitsira kamwa, step-up ring ya 49 kupita ku 58, n'kuimanga pa 50mm. Tsopano masaizi ndi awiri okha m'chikwama, 58 ndi 77, ndipo chotsekera cha 85mm chimalowa pa 50mm. Ndinaganizapo zokweza onse kufika pa 77, koma mphete yaikulu chotero imatchinga hood ya 85mm, ndipo hood sindingaisiye. Pa 50mm sindidandaula, galasi lake linalowa kale m'kati ngati maso a munthu wodwala.

Za thumba la buluku ndathana nazo ndi kathumba ka zipi komwe mayi aja asokerera palamba wa chikwama, kutsogolo pachifuwa. M'menemo simulowa china chilichonse, ngakhale switi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno: chotsekera chikakhala pomwe dzanja limafika lokha, chimabwerera palenzi.

Kumapeto kwa Novembala

Nthawi yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi kutsogolo, chonsecho ngozi yaikulu ili kumbuyo. Kamzere kapena kafumbi pagalasi lakutsogolo nthawi zambiri sikaoneka pachithunzi, kamangowonjezera kuwala kosokoneza ukajambula moyang'ana dzuwa. Koma galasi lakumbuyo lili pafupi ndi sensa, kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera, ndipo chilema chili pamenepo chimatuluka msanga, makamaka pa lenzi yotambalala ukachepetsa kabowo kolowera kuwala. Kumbuyo komweko kulinso timapini tagolide tolumikizira lenzi ndi kamera. Ine posintha lenzi mothamanga ndakhala ndikuponya yochotsayo m'chikwama ili pululu.

Mwayi wake, Canon anayamba kamangidwe ka EF, kolumikizira lenzi ku kamera, mu 1987, ndiye zotsekera zakumbuyo zakale zili mbwee kwa okonza makamera. Ndapeza zinayi. Ziwiri ndazimata msana ndi msana kuti chikhale chimodzi cha pakamwa pawiri: lenzi yomwe ikudikira imakhala mbali imodzi, ndikachotsa ya pakamera ndimaimanga mbali inayo, n'kumasula yodikirayo. Palibe nthawi yomwe chotsekera chili m'manja kapena m'kamwa.

Apa ndinatsala pang'ono kulira. Ulendo woyamba ndinamata ndi supa guluu, ndipo patangotha mphindi zochepa ndinamangapo lenzi yakufa ija kuti ndione ngati zagwira, n'kuisiya usiku wonse. M'mawa galasi lakumbuyo linali litachita mbuu, ngati lapumiridwa mpweya, ndipo pomwe panali chidindo cha chala changa panaoneka mizere yonse yoyera. Supa guluu akamauma amatulutsa nthunzi yomwe imakakamira pagalasi ndi pamafuta a zala. Apolisi ofufuza amagwiritsa ntchito nthunzi yomweyo poonetsa zidindo za zala. Ikanakhala 24-105mm bwenzi pano ndikulemba zina. Ulendo wachiwiri ndakwecha misana yonse ndi sandipepa, ndamata ndi guluu wa epoxy wosakaniza machubu awiri, ndazisiya panja pakhonde masiku atatu zisanayandikire lenzi iliyonse. Zagwira. Chokhacho, malenzi awiri olumikizana amatalika, ndiye ndimachita izi ndi 50mm ndi 85mm basi. Kulumikiza 70-200mm pamenepo n'kufuna kuthyola zinthu.

Pakati pa Januwale

Mvula yasintha nkhani yonse. Miyezi inayi ndakhala ndikufuna chotsekera chothina, chosalowa kanthu. Tsopano ndaona kuti chosalowa kanthu sichitulutsanso kanthu.

Tinajambula ukwati ku Mulanje mvula ikuwaza tsiku lonse. Pomaliza ndinavala zipewa zija zili zonyowa pang'ono, n'kutseka chikwama, ndipo kunyumba ndinafika wotopa n'kuchiika pansi pa bedi. Ndachitsegula patatha masiku anayi. Fungo lake ngati la chimanga chofukutidwa, zipewa zili zii kuzizira, ndipo pa lamba wachikopa wa kamera pamera kale tinkhungu toyera. Ndaunika malenzi onse ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, mtima uli m'mwamba, kufuna timizu ta nkhungu tonga ukonde wa kangaude. Sindinapeze. Koma ndinali nditakonza munda wonse. Kampani ya Zeiss imanena kuti nkhungu ya m'malenzi imamera chinyezi chikakhala pa 70 peresenti kapena kuposa kwa masiku opitirira atatu, pamalo amdima, osayenda mpweya, kutentha kuli pakati pa madigiri 10 ndi 35, pali kafumbi kapena mafuta oti idye. Werengani bwino, muona kuti akufotokoza chikwama chotseka pansi pa bedi mu Januwale. Ndipo nkhungu ikakhalitsa imadya utoto wopyapyala wokutira galasi, moti ngakhale wokonza aipukute, chipsera chimatsala.

Ndiye lamulo lasintha. Zipewa za neoprene n'zapaulendo, osati zosungira. Ndikafika kunyumba, kaya ndatopa bwanji, zonse zimatuluka m'chikwama, zipewa zimakayanikidwa, malenzi amagona patebulo osatseka usiku umodzi, nditaphimba kansalu kopepuka. M'mawa ndimapemerera ndi kapampu kamphira, kenako burashi yofewa, ndipo kansalu kopukutira kamabwera pomalizira, galasi litadonthezedwa mankhwala ake. Shati ayi.

Posungira ndagula bokosi la pulasitiki lotseka ndi mphira m'mphepete, lija losungira zakudya, lalikulu. M'kati ndaikamo silica gel woyamwa chinyezi, wa mikanda ya olenji yomwe imasanduka yobiriwira ikakhuta madzi, ndi kawotchi koyezera chinyezi. Ndikufuna kazisonyeza pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Mikanda ikabiriwira ndimaiyanika mu uvuni pa madigiri pafupifupi 110 mpaka mtundu utabwerera; magetsi akazima pakati, ndimayambiranso mawa lake. Timapaketi tating'ono ta m'mabokosi a nsapato musadalire, timakhala titakhuta kalekale tisanafike n'kwa inu komwe. M'bokosimo malenzi amakhala ndi zotsekera zotsina pakati zija, zomwe mwamwayi sizitseka mpweya kotheratu.

Sabata yachiwiri ya Febuluwale

Kuchokera pomwe kathumba ka pachifuwa kanasokedwa sindinatayeko chotsekera, kupatula chimodzi cha 58 chomwe chinagwera m'ngalande ya madzi pa Chichiri mphwanga akundipatsira. Ndinachitola, koma mchenga unalowa mu sipuling'i ndipo chimangoti khwekhwerere potsina, ndiye ndachipumitsa. Zotsala ndazipaka kadontho ka penti ya zikhadabo, yofiira pa 77, yachikasu pa 58, kuti m'holo ya mdima ndisamapapase.

Chipewa cha 24-105mm lasitiki yake yayamba kutopa, ndipo kabwalo ka pulasitiki kam'kati kang'aluka pakati. Mayi aja akuti ulendo uno tiike chingwe chokoka m'malo mwa lasitiki, ine ndikuopa kuti chifuna manja awiri. Tagwirizana kusoka chimodzi cha mtundu uliwonse tione. Fyuluta yopyapyala ija ndaichotsa pa 24-105mm, ndiziivala kunyanja kokha komwe mphepo imauluza mchenga ndi madzi. Mnyamata wa 3D wapeza TPU wakuda ndipo akufuna tiyesenso. Ndamuuza kuti apange kaye kachotsekera ka kumbuyo ka pakamwa pawiri kopanda guluu, tidzakayese pa lenzi yakufa ija, padashibodi, mwezi wa Okutobala ukadzafika.